Mkamwini analibe munda wotisiyira

Kwathu ku Dedza, mukafunsa mwana kuti kwanu ndi kuti, amatchula mudzi wa amayi ake. Kumeneko ndi kumene kuli munda, kuli manda a makolo, kulinso amalume amene amaweruza nkhani za mbumba. Bambo amachita kubwera. Amamanga nyumba pamalo pomwe eni mudzi amulozera, amalima munda wa mkazi wake, ndipo banja likatha amanyamula khasu ndi bulangete n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Akuluakulu ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo m'mudzi mwathu mabanja ochitira umboni mwambi umenewu analipo ambiri.

Ndiye munthu wokulira m'chikhalidwe chotere akamva anthu akunena kuti bambo ndiye amakonza tsogolo la mwana, amayamba wadzifunsa kuti alikonza ndi chiyani. Munda si wake, ufumu si wake, ndipo mwana akafuna kulowa m'banja unkhoswe umagwira ndi akuchikazi. Komabe ine, pamsinkhu ndafikapowu, ndikuona kuti palibe munthu amene analowerera kwambiri m'moyo mwanga kuposa mkamwini wina wochokera ku Dowa, amene anakhala m'mudzi wa eni mpaka imfa yake, chuma chake chili makina osokera a Singer ndi kope la ngongole.

Makinawo anabwera nawo kuchokera ku Joni. Abambo analembetsa ku Wenela ali kale ndi ana awiri, monga ankachitira amuna ambiri a msinkhu wawo pofuna ndalama ya msonkho, malata ndi njinga. Ankakwezedwa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchoka apo sitima yapamtunda mpaka kumigodi ya golide. Achinyamata amene amakwera mabasi pa Wenela mu Blantyre masiku ano, ambiri sadziwa kuti malowo anatengera dzina la bungwe lomwe linkatumiza agogo awo pansi pa nthaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa panthawi imodzi. Tangoganizani makomo onsewo, ana akukula ndi mawu oti bambo ako ali ku Joni, ena mwa abambowo osabweranso mpaka kusanduka matchona.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene anali atamaliza kontilakiti, akubwerera kwawo ndi masutikesi awo. Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo amene anali kale kumeneko anayamba kubwerera m'magulumagulu. Abambo anafika chaka chotsatira. Njira itatsegulidwanso mu 1977, nthawi ya Theba tsopano, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela, anzawo ambiri anabwererako koma iwo anakana. Amayi amati anangonena kuti, "Naphiri, ine ndakumba zokwanira. Ana awa azindiona ndi maso." Ine ndinabadwa chaka chomwecho. Ngozi imene inaliritsa midzi yambirimbiri ndiyo inachititsa kuti ndikule abambo anga ali pakhomo, ndipo ndikamaganiza zimenezi mtima umandilemera.

Tinabadwa asanu, koma mutatikhazika pansi n'kutifunsa za abambo, mukhoza kuganiza kuti aliyense anali ndi ake. Achemwali, chisamba chathu, anali ndi zaka 7 pamene munthu wachilendo wa chipewa ndi nsapato zazikulu anafika pakhomo, anthu akululutira. Iwo anathawira kuseri kwa nkhokwe ya amalume, ndipo panatenga masabata asanalole kulandira kanthu kuchokera m'manja mwa munthuyo. Abambo amene achemwali amawakumbukira ndi aja ongochoka kumene kukomponi: odzutsa nyumba yonse tambala woyamba, okalipa m'chiyankhulo cha kumgodi chimene palibe ankachimva, mkwapulo uli pafupi nthawi zonse. Ndi abambo omwewo amene, ndalama ya fizi itachepa, anati anyamata apitirize ndipo mtsikana akhale pakhomo azithandiza amayi ake kulera. Achemwali anasiyira mu Sitandade 5, ali munthu wokhoza bwino kuposa tonsefe, ndipo anakwatiwa asanakwane zaka 18. Apa abambo analakwa, ndipo sindifuna kuwabisira kumbuyo kwa mawu oti inali nthawi yake. M'mudzi momwemo munali amuna ena osauka kuposa iwo amene anasiya ana awo aakazi pasukulu. Moyo wonse wa achemwali, kulima fodya wa eni, kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1, unachokera pa chiganizo chimene munthu mmodzi anapanga madzulo amodzi.

Abambo amene ine ndimawakumbukira ndi a pakhonde la sitolo, pamsika wapafupi ndi kwathu. Sitoloyo poyamba inali ya mmwenye, koma boma litalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti amwenye azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu mokha, inagwera m'manja mwa munthu wakonkuno, ndipo abambo ankapereka kangachepe pamwezi kuti aziikapo makina. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera pomwepo. Ndinkawapeza tepi ili m'khosi, choko kuseri kwa khutu, mapini kukamwa, mapazi akupalasa makina. Kasitomala akafika ankalavulira mapini aja m'dzanja n'kunena kuti, "Iwe, tenga kope." Ndiye ankayeza akutchula, ine ndikulemba: chiuno 32, mwendo 40, phewa 17 ndi hafu, mkono 23 ndi kota. Pansi pake dzina la munthu, ndalama yomwe waperekeratu, ndi yotsala. Mwezi ukatha tinkawonkhetsa kope lonse, iwo pamtima, ine papepala, ndipo tikasiyana ngakhale ndi 5 tambala tinkayambiranso pamwamba. Anzanga m'kalasi ankalira nawo masamu a mahafu ndi makota, pamene ine ndinali nditawagwira kale ndi manja pa tepi.

Chimene chinandilowa kwambiri ndi kadulidwe kawo. Asanagwire sizasi ankayala nsalu patebulo, kuisita ndi simbi ya makala, n'kuiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Ankajambula ndi choko, kufufuta ndi chala, kujambulanso, kufuna kuti kolala ituluke pakona pomwe telala wina akanangotaya. Akamaliza kusoka, tizidutswa tonse totsala ankatikulunga pamodzi ndi chovalacho n'kupatsa mwini wake. Tsiku lina ndinapempha kachidutswa ka nsalu yofiira kuti ndikakutire mpira wanga wachikulunga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa, "Unagula ndiwe? Nsalu ndi ya mwini, ngakhale kotsala." Matelala ena ankasunga zotsalazo n'kulumikiza makabudula a ana awo, ndipo palibe amene ankawaona ngati akuba. Ife tinkavala zovala zakale za abambo zochepetsa.

Inali nthawi imene ngakhale kutalika kwa diresi kunali nkhani ya boma. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi osafika pansi pa bondo, ndipo atsikana ena ankabwera n'kunong'ona kuti, "Atelala, muchotseko inchi imodzi yokha." Abambo ankangoyeza mpaka pansi pa bondo n'kutchula nambala mokweza kuti ndilembe. Ndale sankazikamba, khadi la chipani ankagula monga aliyense, ndipo nsalu za mbumba zokhala ndi nkhope ya Kamuzu ankazisoka mosamala kuti nkhopeyo isadulidwe pakati kapena kugwera pokhalira. Tinaphunzira kwa iwo kusunga pakamwa, ndipo ena a ife mpaka lero timavutika kuyankhula pamsonkhano ngakhale tikudziwa kuti tili ndi mfundo. Nachonso ndi cholowa chochokera kwa abambo.

Lero ndimagwira ntchito yowerengera ndalama mu Lilongwe. Abambo sanandiuzepo kuti udzakhale akauntanti. Loto lawo linali loti ndidzakhale kalaliki wa ku ADMARC, poti ndiye munthu wa malaya oyera amene ankamuona pafupi, atakhala kuseri kwa sikelo ndi cholembera. Koma ntchito imene ndimagwira ndi yomwe ija ya pakhonde: kulemba zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala, n'kuyambiranso pamwamba ngati sizikugwirizana. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto, tonse a ntchito imeneyi tinkayenda ndi manyazi. Ine zinandiwawa mwapadera, chifukwa ndinaleredwa ndi munthu wobweza kansalu kosakwana chikhatho.

Kuti ndifike pamenepa panali chaka cha 1992. Ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko m'chaka chimene chilala chinawotcha chimanga m'dziko lonse. Munthu wanjala sasoketsa malaya, choncho makina ankakhala tsiku lonse osalira. Mwamwambo, mwini wanga anali amalume, ndipo iwo anati mnyamatayu wakula, apite ku esiteti ya fodya ku Kasungu akathandize kupeza chakudya, sukulu adzaiona njala ikatha. Sankandida ayi, ankaona nkhokwe zopanda kanthu. Abambo, munthu wobwera, analibe mawu pabwalo la mbumba. Anangokhala chete mpaka nkhani inatha, m'mawa mwake n'kukankha njinga yawo ya Humber, ija anabwera nayo ku Joni, kupita nayo kumsika. Anabwerera wapansi.

Zimene anamva pambuyo pake ndinazidziwa nditakula. M'mudzi mwathu amuna anzawo ankawaseka kuti ukuphunzitsa ana a eni, akadzalemera adzakumbuka amalume awo, iwe uli kwanu ku Dowa. Ku Dowa nako alongo awo ankadandaula kuti mwaiwala mbumba yanu, ana athu akusowa fizi inu mukutaya chuma kuchikamwini. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mwambo kumbuyo kwake. Anthu amene sanakulire m'chikamwini samvetsa kuti bambo wolipirira mwana wake sukulu masiku amenewo ankakokedwa uku ndi uku, ndipo kulikonse ankaoneka wolakwa. Sukulu za mishoni, ntchito zolipidwa ndi ndalama za kumigodi zinali zitayamba kale kusuntha udindo kuuchotsa kwa malume kuupititsa kwa bambo, koma kusunthako sikunachitike pamsonkhano wa mafumu. Kunkachitika khomo ndi khomo, mwamuna mmodzimmodzi akusankha yekha kuti ndalama yake yochepayo ipite kuti. Ndikuganiza kuti abambo anaona kuti munda sangatisiyire, dzina m'mudzimo alibe, ndiye anafuna kutipatsa chinthu choti ngakhale atathamangitsidwa mawa, chidzatsale mwa ife.

Patapita zaka 10, ku Wimbe m'boma la Kasungu, bambo wina mlimi analephera kulipirira mwana wake sekondale chifukwa cha njala ya 2002. Mwanayo, William Kamkwamba, ankapita kukawerenga mabuku mulaibulale yaing'ono n'kuyamba kutola zitsulo kudzala, anthu akumuyesa wamisala. Makina ake amphepo opangira magetsi anawamanga ndi njinga yakale ya bambo ake, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Anthu akamakamba nkhaniyi amatama nzeru za mwanayo, ndipo n'zoyenera. Ine ndimaganizanso za bambo uja, amene analibe fizi koma analola kuti njinga yake iphwasulidwe chifukwa cha maloto amene iye mwini sankawamvetsa bwinobwino. Kumudzi njinga ndi ambulansi, ndi ngolo yopitira kuchigayo, ndiponso ndi ulemu wa mwamuna. Kuipereka si nkhani yaing'ono.

Mlongo wanga wamng'ono anapeza abambo atasintha. Pakhonde paja pankabwera aphunzitsi aakazi ndi anamwino a pachipatala chapafupi kudzasoketsa mayunifolomu ndi madiresi, ndipo iwowa ndiwo anali makasitomala osalembedwa m'kope la ngongole. Ankatsegula kachikwama n'kulipira ndalama yawoyawo, osadikira kuti mwamuna agulitse fodya. Abambo anaziona zimenezi mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Mlongo wangayo atakhoza mayeso a Sitandade 8, panalibenso zokambirana. Lero ndi namwino, ndipo ukamufunsa amati abambo anali munthu wokhulupirira maphunziro a atsikana. Achemwali akamva zimenezi amangodzuka n'kupita kukhitchini. Onse awiri akunena zoona.

Achimwene ndiwo anatenga ntchito ya manja. Mwana amatola msanga chimene akuchiona tsiku ndi tsiku. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene anatchukitsa nyimbo za kwela mpaka ku Ulaya, anakulira m'nyumba ya bambo woimba gitala. Achimwene nawo pofika zaka 15 ankatha kuika zipi ndi kusoka kolala osathandizidwa, ndipo atalephera kupeza malo ku sekondale anakhala pambali pa abambo mpaka kalekale. Tsoka lake, analandira ntchitoyo nthawi imene inkayamba kufa. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Abambo anamva nkhaniyi pa wailesi n'kundiuza kuti, "Zikanabwera kale izi, mkulu wako uja akanaphunzira." Ndi pokhapo pamene ndinawamva akuyandikira kuvomera za achemwali, ndipo anauza ine, osati mwini wake. Koma nthawi yomweyo yunifolomu inasiya kukhala yokakamiza, pomwe ndalama yeniyeni ya telala wakumudzi inkabwera sukulu zikamatsegulira. Kenaka mabelo a kaunjika anadzaza misika. Ndani akanagula nsalu n'kulipiranso telala, pamene malaya osokasoka ali pamulu pamtengo wochepera? Ntchito inatsala yochepetsa mathalauzi a kaunjika ndi kuika zigamba. Bambo akhoza kupatsa mwana luso lonse limene ali nalo, koma msika sauika m'manja mwake.

Chifuwa cha abambo chinayamba pang'onopang'ono. Ankatsokomola m'mawa, kenaka usiku wonse, kenaka kuyenda kuchoka kunyumba kufika pakhonde paja kunafuna kupumira panjira. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a TB, anapezako bwino, n'kuyambiranso. Amuna ambiri amene anagwira ntchito m'migodi ya golide anabwerera ndi fumbi la miyala m'mapapo, matenda amene madokotala amati silicosis, amene sachizika ndipo amatsegulira khomo TB. Abambo anamwalira m'nyengo yozizira ya 2003. Mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa anagwirizana zopereka ma rand 5 biliyoni ngati chipepeso kwa ogwira ntchito amene anadwala matendawa ndi mabanja awo. Pomwe nkhaniyi inkamveka n'kuti abambo atagona m'manda zaka 15, ndipo ambiri mwa anzawo a pa ndege zija atatsogola kale. Joni inatipatsa makina amene anatiphunzitsa sukulu, ndipo Joni yomweyo inatilanda mwini makinawo asanaone mdzukulu wake ndi mmodzi yemwe wochokera kwa ine.

Tsiku lometa, ana a alongo awo ochokera ku Dowa anaitanitsa katundu. Anatenga makina, tebulo lodulirapo ndi wailesi, ponena kuti chuma cha malume ndi cha mbumba yake. Achimwene, amene anapalasa makinawo zaka zonse abambo akudwala, anaima chapatali akuona akumangidwa pa ngolo. Anayamba kubwereka makina a munthu wina, kulipira pa sabata. Abale ajawo ankakhulupirira kuti akutsata mwambo, ndipo mwina ankabwezanso mkwiyo wa fizi ija sanailandire, koma kulanda mmisiri chipangizo chimene akudyera ndi nkhanza, kaya mwambo ukuti chiyani. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 linaika mkazi ndi ana patsogolo ndipo linati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Kwa ife linabwera mochedwa, ndipo ndikudziwa midzi imene mpaka lero ngolo zimafikabe tsiku lometa. Kope la ngongole analisiya poti analiona lopanda ntchito. M'miyezi yotsatira amayi angapo anabwera okha kudzapereka kwa amayi athu ndalama zimene zinalembedwamo, popanda wowaitanitsa.

Sindinamvepo abambo akunena kuti amandikonda, ndipo sindikukhulupirira kuti alipo wa msinkhu wanga kumudzi kwathu amene anamvapo mawu otere kuchokera kwa bambo ake. Ankadya okha, ife tinkagwada powapatsa madzi osamba m'manja, ndipo nkhani zathu zambiri zinkadzera kwa amayi. Koma usiku woti mawa ndikupita ku sekondale, anakhala pa makina ndi nyali ya koloboyi mpaka pakati pa usiku. M'mawa anandipatsa mathalauzi awiri. Mpindiro wa kumiyendo anausiya waukulu kwambiri, nati, "Ukatalika uzingomasula, usavutike kugula ina." Mkati mwa lamba anasokeramo kathumba kobisika, ndipo m'menemo munali ndalama yopindidwa kangapo, yotsala pa njinga ija. Anandionetsa potsegulira, n'kubwerera kukakhala pa makina ngati palibe chachitika. Mathalauzi amenewo ndinavala mpaka Folomu 4.

Ana anga amanditcha adadi, timadyera patebulo limodzi, ndipo wamkazi amanditsutsa pamaso popanda mantha, zimene ine ndimakondwera nazo ngakhale nthawi zina zimandidzidzimutsa. Zinthu zasintha ndithu. Kuyambira 2021 lamulo la ntchito limapatsa bambo masabata awiri a tchuthi mkazi wake akabereka, ndipo ku sikelo ya ana masiku ano umapezako amuna atanyamula makanda. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Koma pitani kukhoti la majisitireti lililonse mukaone mzere wa amayi odzasumira amuna okana mimba kapena osapereka chithandizo cha ana. Ambiri mwa amuna amenewa si osauka kuposa telala wa pakhonde wa mu 1992. Ena amabisala kuseri kwa chikamwini chomwecho, amvekere ana ali ndi amalume awo, pomwe amalumewo nawo akuti aliyense aone ake. Mwana amagwera pakati. Ndipo ife a m'tauni tisadzinamize. Ana anga sadziwa chimene ndimachita tsiku lonse. Amaona ndikutuluka kusanache ndi laputopu n'kubwera kutada. Ine ndinkaona ntchito ya abambo ndi maso, ndinkaigwira ndi manja, ndinkadziwa mtengo wa buluku limodzi ndi thukuta lake. N'chifukwa chake Loweruka lina ndimawakhazika pansi kuti tiwonkhetse limodzi ndalama za magetsi, madzi ndi chimanga, ngakhale amayamba ndi kunyinyirika.

Ulendo wa ku Joni sunathe. Theba inasiya kulemba Amalawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pa mkangano wa zoyeza anthu HIV, koma achinyamata akupitabe, pano pa basi kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, opanda kontilakiti, ambiri opanda mapepala okwanira. Mwana wa achimwene ali ku Johannesburg, amasoka makatani m'kashopu ka munthu wina, luso lomwe lija la agogo ake. Anachoka mwana wake wamkazi akuyamwa, pano ali ku pulayimale. Ndalama amatumiza pa Mukuru mwezi uliwonse osaphonya, nyumba ya malata yamangidwa, ndipo Lamlungu amaimba pa WhatsApp. Mwanayo amayang'ana foni, kupereka moni mwaulemu, n'kuthamangira kukasewera.

Amene anamuyankhula mosapsatira mwana wa achimweneyo ndi azakhali ake, achemwali anga aja. Pa mwambo wa chiliza cha abambo iwo ndiwo anapereka matumba ambiri a simenti kuposa tonsefe, kuchokera m'ndalama ya tomato, koma atapemphedwa kuti ayankhulepo monga chisamba anakana. Madzulo ake anatenga foni yanga n'kuimbira mnyamatayo. "Iwe, ndalama zako tikuziona, zikomo. Koma mwanayu tsiku udzabwere adzakuthawa, ine ndikudziwa chimene ndikunena. Ndipo ngati uli ndi maganizo oti sukulu ndi ya anyamata, undiuziretu, ndimutenge ine." Mnyamatayo anayankha kuti, "Azakhali, ndikabwera ndiye kubwerera kuno kudzavuta, pasipoti inapitirira masiku, ntchitonso aikapo wina." Ndi zoona, ndipo palibe aliyense wa ife amene ali ndi ntchito yoti amupatse kuno. Tinakambirana mpaka mayunitsi anatha. Tagwirizana kuti abwere mu December, ine ndilipira theka la basi, mlongo wanga namwino theka linalo, ndipo achimwene ayamba kale kufunsa mtengo wa makina amagetsi ku Lilongwe kuti aone ngati awiriwo angatsegule shopu yosoka mayunifolomu a sukulu zapulaiveti.